Madontho Amene Tinabwera Nawo ku Nkhondo

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, moni nonse m'dzina la Ambuye. Ine ndine Yosefe, wa kutsidya kwa mtsinje wa Katete. Ndaima pano kuti ndichitire umboni. Kukometsa mawu sindidziwa, ndingonena mmene zinayendera.

Mukudziwa kuti pa nkhondo ya Ajeremani anatigwira umtengatenga. Tinapita awiri, ine ndi alamu anga a Filimoni, amuna a mlongo wanga Esitere. Kumeneko tonse tinadwala kamwazi. Wothandiza dotolo ankatidonthezera mankhwala akuda m'madzi, madontho khumi. M'mimba munkaleka kupota, thupi n'kupepuka, katundu pamutu osamumvanso. Dzina lake lachizungu linkatikanika, tinkangoti madontho.

Kamwazi anatha, nkhondo inatha, koma madontho sanathe. Titabwerera tinawapeza m'sitolo ina ku Boma, akugulitsidwa ngati mchere. Palibe anatifunsa kuti tikudwala chiyani. Khumi aja anasanduka makumi atatu, kenaka tinaleka kuwerenga, tinkangopendeketsa botolo. Mbuzi zanga zinathera komweko. Ena a inu munkandiona ndikusinza m'tchalitchi muno n'kumati ndi kutopa kwa kumunda. Sikunali kutopa.

Tsiku lina m'mawa, nyengo yokumba mtedza, alamu anati mutu ukuwawa, n'kumwa theka la botolo. Anakagona pansi pa msuku, m'mphepete mwa munda, akuliza mkonono wachilendo. Esitere anandiitana.

“Achimwene, tabwerani mudzawaone, milomo yawo yada.”

Ine ndinati, “Asiyeni, adzuka okha. Ndi mmene amachitira.”

Dzuwa lisanafike pamutu anali atatisiya.

Tsono imvani ichi, abale, pakuti sindinachinenepo pagulu. Amayi a m'mudzi ali mkati molira, ine ndinagwada ngati ndikuwongola mtembo, ndinapisa m'thumba la malaya a alamuwo n'kutenga botolo lija. Otsalawo ndinamwera kuseri kwa nkhokwe, tsiku la maliro lomwelo.

Mlongo wanga anandiona. Anadikira mpaka titameta maliro. Kenaka anati, “Mwamuna ndaika m'manda. Inu sindikuikani. Nyamukani.”

Tinayenda masiku awiri kupita kuchipatala cha mishoni. Dotolo anandipima n'kunena kuti mankhwala a nthenda yotere alibe, ndipo mphasa zonse zinali ndi odwala malungo ndi zilonda. Anati ndipemphere, ndileke. Tikutuluka, bambo wina wotsuka zilonda anatilondola. Nayenso anapitako kunkhondo. Anauza Esitere kuti, “Akalekeratu lero, mawa athawira kusitolo. Botolo la madontho ake musunge ndinu. Muzichotsako dontho limodzi tsiku lililonse, ndipo akalira musawamvere.”

Ndinaliradi, abale. Thukuta, kusanza, mafupa ngati akusweka, miyendo kumangopalasa pamphasa. Mlongo wanga ndinamutukwana mawu amene sindingabwereze m'nyumba ino. Ndinafukula pansi m'nyumba mwake kufuna botolo. Iye ankangowerenga madontho ake, kunena pemphero la Ambuye, n'kupita kukasinja. Akulu awiri a mpingo uno, ali pomwepa, ankasinthana kukhala pakhomo. Sankandilalikira ayi, ankangosema mipini. Ndikadzuka kuti ndithawe, ankati, “A Yosefe, tagwirani kuno,” n'kundipatsa mpini kuti ndipale.

Itatha miyezi iwiri ndinafunsa Esitere kuti tafika pa madontho angati. Anati, “Botolo linatha kale. Sabata yonseyi mwakhala mukumwa madzi othira mwaye.” Ndinakhala pansi. Sindinadziwe kuti ndikwiye kapena ndiseke.

Tsopano mvula yagwa kawiri ndisanalawe. Sindikunamizani kuti chilakolako chinatheratu. Ku Boma sindipita ndekha. Madontho akadali m'sitolo muja, ndipo alipo amuna ena m'midzi muno amene amakawagula. Sindiwatchula. Khomo langa akulidziwa, abwere, ndipo abwere ndi munthu woti aziwasungira botolo.

Mulungu anandisiya ndi moyo. Sikuti ndinali wabwino kuposa alamu anga, tinkamwera botolo limodzi. Chifukwa chake ine sindichidziwa, ndikungothokoza. Ndikuthokoza Mulungu, ndikuthokoza akulu awiri aja, ndikuthokoza mlongo wanga amene wakhala apo pakati pa amayi. Chaka chino munda wake ndalima ndine, wonse, ndipo ana ake adya.

Kondwerani nane, abale, kondwerani nane. Amayi, tayambitsani nyimbo inuyo, ine mawu anga ngosasa. Ameni.