Masewera Omaliza a Asiyatu

Pa siteji ya Nguludi, bambo wina wosaona ankadikira minibasi ya ku Limbe, ndodo ili m'manja. Mayi wina wa dengu la nandolo anakhala nawo pafupi.

"Ulendo wa kuchipatala, bambo?"

"Ayi mayi, ndikupita ku mpira. Mwana wanga Asiyatu amasewera basiketibolo ku koleji, ndiye lero ndi masewera ake omaliza."

"Anayamba liti?"

"Ali Fomu 1. Aphunzitsi ataona kutalika kwake, anamupatsa mpira. Chaka chomwecho maso angawa anafa. Ku sekondale anali kaputeni, ku koleji akuti palibe womutchinga, koma ine sindinamuonepo akuponya ngakhale kamodzi."

"Pepani. Akamaliza sukulu apitiriza?"

"Ayi. Bondo likumuvuta, adokotala amuletsa."

"Nanga inuyo mukaonera bwanji?"

"Amene ankapita ndi mayi ake, n'kumadzandifotokozera. Tinawaika m'manda mwezi wa Juni. Sindikufuna kuti mwana akayang'ane m'gulu la anthu n'kusowa wake. Ndikakhala pomwe angandione, ndipo akamachemerera dzina lake, ndikamva."

"Minibasi yafika, bambo. Gwirani mkono wangawu."