Makutu a a Bwerezani

Malemu anabadwa pa 9 Okutobala 1951, achitatu m'banja la ana asanu. Ine ndine mlongo wawo wamkulu. Sindichulutsa mawu, dzuwa likuwotcha.

Atamaliza pulayimale mu 1967, analowa ntchito m'sitolo yokonza mapiyano ndi magitala. Ankakhwacha nsambo zitatu pamodzi, n'kutsinzina, n'kunena kuti yapakati yatsika. Abwana awo ankangovomera, koma sankamva kanthu.

Mu 1975 anakwatira mayi akhala apawa, ndipo chaka chomwecho anayamba kuphunzitsa kwaya ya kutchalitchi kwathu. Mawu anayi akakumana mophonyana, ngakhale pang'ono pokha, kwa malemu zinkakhala ngati aluma mchenga. Ankati mubwereze, n'chifukwa chake munawatcha a Bwerezani. Owerengeka munkamva zimene ankamvazo. Ambiri simunkamva, ndipo osamvawo ndiwo anali ndi pakamwa.

Mu 2004, pa maliro a mwana wawo woyamba, kwaya inaimba nyimbo imene malemu anapeka okha. Oimba mawu a aluto anakweza pang'ono pa mzere wachitatu, ndipo m'makutu mwa malemu nyimbo yolira inasanduka ya ukwati. Anaimitsa kwaya pamanda pomwepo. Anthu anati mutu wasokonekera. Munawachotsa pa uphunzitsi. Ife abale tinawakokera kwa adokotala, amene anapeza kuti mutu ndi makutu zili bwinobwino. Kuchokera pamenepo sanaimbenso. Lamlungu ankadzitsekera m'chipinda, mawindo onse otseka.

Anayamba kudwala impso mu Januwale chaka chino. Sabata yatha anapempha kuti kwaya idzawaimbire nyimbo ija. Munabwera, zikomo. Munaimba, tonse tinalira kuti yakoma, iwo anatembenukira kukhoma. Anatisiya Lachiwiri m'mawa.

Asiya mkazi, ana atatu ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Tikuthokoza anamwino, aneba amene mwatunga madzi ndi kugona nafe pano, komanso eni galimoto imene inawanyamula. Akapume mumtendere umene kuno sanaupeze.

Tsono inu a kwaya, ndamva kuti mukufuna kuimbanso nyimbo ija kumanda. Ine pa zoimba ndine gonthi, kusiyana kwake sindikumva, ndipo wotiimitsa palibenso. Koma mawu awo sanasinthepo: a aluto muzitsika pang'ono. Kulira mulire pambuyo. Dzukani, pitani kuseri kwa nyumba mukayeserere bokosi lisananyamuke. Lero lokhali, chonde, tsikani.