Miyala ya Khonde la Bambo Subhan Khan

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1949 kuno ku Jaisalmer, m'nyumba ino mwasonkhanamoyi. Dzina lawo ndi Bambo Subhan Khan Silawat. Ndikulankhulane ndine Gaffar, mng'ono wawo.

Sukulu analekezera kalasi yachinayi. Mu 1960 bambo athu anawapatsa hamala ndi tchizulo, ndipo anasema miyala mpaka manja atakana. Mazenera a mwala oboolaboola aja, olowetsa kamphepo koma otchinga maso a odutsa, ambiri mumsewu uno anakonza ndi iwowa. Mu 1972 anakwatira Mayi Jubeda Bano.

Mu 1998 nyumba ino inalowa m'gulu la nyumba zakale zotetezedwa. Kuyambira pamenepo, ngakhale kukhoma msomali kunkafuna chilolezo cha boma.

Mu Ogasiti 2016 mvula inapendeketsa khonde lathu la m'mwamba. Khondelo agogo anamanga popanda simenti: mwala uliwonse uli ndi dzino ndi mphako, ndipo umalumana ndi anzake okhaokha. Tinaloledwa kuliphwasula lisanagwere anthu, koma zomanganso aboma anati tidikire. Malemu anatsitsa miyala 63 n'kuiyala pabwalo. Ndinawachonderera kuti alembepo manambala. Anandiseka, amvekere zolemba manambala n'za ophunzira ntchito, mmisiri amasunga m'mutu monga ankachitira makolo. Achimwene anali ndi liuma, ndinena poyera, ndipo lero mtima ukundiwawa kuti sindinawakakamize.

Mu 2021 madokotala ku Jodhpur anatiuza kuti fumbi la miyala lawatha mapapo. Chilolezo chomanganso khondelo chinafika pa 2 Okutobala 2023, patatha zaka zisanu ndi ziwiri, iwo ali chigonere. Chilolezocho n'cha miyezi isanu ndi umodzi basi. Ana awo aamuna, Irshad ndi Sattar, ankanyamula mwala umodziumodzi mpaka pabedi, malemu n'kuupapasa, n'kunong'ona malo ake pakhonde, anawo n'kukauika. Tsiku labwino inkakwana itatu. Atafika pa mwala wa 41 anauza Irshad kuti, "Mawa mubwere ndi uja wa duwa losweka." Dzulo m'mawa, pa 24 Okutobala, anatisiya, mwalawo usanafike n'komwe.

Asiya mayi a kunyumba, ana aamuna awiri, wamkazi mmodzi Ruksana, ndi zidzukulu zisanu ndi zinayi. Tikuthokoza akumzikiti, amisiri anzawo amene akumba manda, ndi Mayi Kamla a nyumba yoyandikana nayo, amene sanatope kubweretsa tiyi ndi mkaka.

Pempho langa ndi limodzi. Inu amene mwasowa mipando mwakhala pa miyala pabwalopo, imeneyo ndi 22 yotsala ija. Khalani ndithu, sitikukuthamangitsani. Koma chonde musaisunthe, musaitembenuze. Ili mmene anaiyalira eni ake, ndipo palibenso wina woti tikamufunse.

Mulungu awakhululukire, awalandire, mzimu wawo uuse mumtendere.