Zitenje Zomwe Ndinabisa Kunsi kwa Matiresi

Inu owerenga nkhani pa wailesi, dzina langa musalifunse. Ndine gogo wa ku Chiosya, ndipo chibadwire sindikhulupirira munthu.

Mwana wanga wamkazi atabereka mwa opaleshoni, womudikirira m'chipatala ndinali ine. Anesi anandiuza kuti, "Agogo, thonje lamagazi muzitaya mu ndowa iyi, zitenje zakuda muzichapa ndi sopo. Bala musaligwire."

Ndinangoti, "Chabwino amayi," koma mumtima ndinati, magazi a mwana wanga ndiwasiye poyera kuti afiti awatole? Choncho thonje ndi zitenje zija ndinkazipinda n'kuzibisa kunsi kwa matiresi ake. Bala litayamba kuchucha, ndinalipukuta ndekha ndi zitenje zomwezo, kuopa kuti mlendo angamukhudze.

Tsiku lachinayi thupi lake linatentha, bala likununkha. Anesi atatukula matiresi anagwira pakamwa. "Agogo, mwatani?"

Sabata isanathe tinanyamula maliro a mwana wangayo. Azimayi anzanga odikirira odwala, zomwe akuuzani achipatala mverani. Khandalo ndikulera ndine. Kumudzi akuti mwana wanga analodzedwa, mpaka akuloza zala mayi wina wosalakwa, ndipo ine mpaka lero pakamwa sindinatsegule.