Ndinalumphira m'nyanja khanda lili kumsana

Inu a pawailesi, ndiwerengereni nkhani yangayi, mtima ukukana kukhala pansi. Ndimalera kamtsikana ka abwana papulazi ku Chinhoyi. Chaka chatha ananditenga kutchuthi kunyanja yamchere ku Mozambiki, khanda langa lili kumsana. Boti lomwe tinakwera litaima pafupi ndi chilumba, ndinaona kamtsikanako kakuyandama chafufumimba, osagwedezeka. Sindinadziwe kuti kakupumira m'kapaipi n'kumaonera nsomba. Ndinangolumphira m'madzimo, chonsecho kusambira sindimatha.

Woyendetsa boti atativuula anati, "Mayi, mwaiwala kuti mwabereka mwana?"

Adona, akazi a abwanawo, anaseka mpaka misozi, kenako anandipatsa diresi yawo yakale. Khanda langa linasanza madzi, linapulumuka. Koma amayi anzanga, pamene ndinkalumphapo, mwana wanga sanandibwerere m'maganizo n'komwe. M'mawa uliwonse ndimamuyamwitsa n'kubwerera kunyumba ya abwana.