Masiku Awiri Ndili Wamasiye, Amuna Anga Ali Moyo

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga. Ndine make Tadala. Zimene ndikulembazi sindinaziuzepo anthu ambiri, koma lero ndati ndinene.

Tinkakhala ku Donholm, mumzinda wa Nairobi, mwana ali wa miyezi isanu ndi iwiri. Bambo a Tadala ankagwira ntchito kubungwe lina logawa mankhwala, ndipo ankapita kumapiri a ku Sudan pa kandege kakang'ono. Bwalo la ndege kumeneko linali kamsewu kadothi chabe, kakafupi, kothera kuphompho.

Lachiwiri masana kunabwera anthu awiri a kuofesi kwawo. Anati ndege yalephera kunyamuka, yagwera kuphompho, ndipo dzina la amuna anga lili pamndandanda wa okwera. Ine ndinangoti zikomo, n'kupitiriza kuchapa matewera. Amayi a kumpingo, Amalawi anzathu, anabwera, anatulutsa mipando, n'kukhala pansi kuyamba nyimbo za maliro. Ndiulule, sindinapemphere ngakhale kamodzi. Ndinkangoyamwitsa mwana, maso ali kukhoma. Ndinamva amayi ena akunong'ona kuti, "Koma mtsikanayu mutu uli bwino?" Amene ankapemphera ndi iwowo.

Lachinayi m'mawa mmodzi wa akuofesi aja anabweranso, ali wefuwefu. Anati sisitere wina wa pachipatala cha kumapiriko wayenda tsiku lathunthu kukapeza wailesi yolankhulirana, kuti anene kuti mndandanda ndi wolakwika. Kunali kutagwa mvula, bwalo lili matope, ndiye woyendetsa ndege anayeza aliyense pasikelo, nati mmodzi atsale. Anatsitsa amuna anga poti ndi ojintcha. Koma mayina anali atatumizidwa kale ku Nairobi, ndipo wailesi yokhayo pamalopo inali ya m'ndegemo.

Amuna anga atafika pakhomo sindinalulutire. Ndinangowagwira mkono osausiya. Iwo ndi amene anatsikira kuphompho kukanyamula anzawo, ndipo atatu anali atatisiya. Mawa lake tinapita ku Roysambu, mu Nairobi momwemo, kukakhala pansi ndi mkazi wa mnzawo mmodzi mwa atatuwo, amene uthenga wake sunasinthe.

Sindidziwa chifukwa chake Mulungu anandibwezera wanga, ndipo sindinganame kuti ndikudziwa. Ndimangothokoza, nthawi zina monjenjemera. Inu amene mphamvu zopempherera zakutherani, musadziweruze. Lolani ena akupempherereni, ndipo mukadzaima, mukakhale pansi ndi amene sanayankhidwe ngati inu.