Utoto wa kwa Haji Tohari

Olemekezeka akuluakulu a chigawo chathu, olemekezeka a ku ofesi yowerengera chuma cha dziko, a Haji Tohari ndi amalonda anzanu, amayi anzanga ojambula nsalu za batiki muno mu Pekalongan, ndi inu ana athu amene mukuyamba kalembera mawa, ndakulonjerani nonse.

Ine Karsinah sukulu sindinaipondeko. Andiuza kuti kuli tebulo la manambala, osati lodyerapo ayi, limene limanena kuti pa nsalu iliyonse yopita kunja, mbali iyi ndi thukuta lathu, mbali iyo tinagula kutsidya kwa nyanja. Tebulolo sindinalionepo, koma ilo linandiona.

Kale kunabwera mtsikana wakalembera, dzina lake Ratih. Anandipeza ndikudontheza phula pansalu.

"Amayi, utotowu mumautenga kuti?"

"Kwa Haji, kuseri kwa mzikiti."

"Ndiye kuti ndi wakonkuno?"

"Mwanawe, Haji akhale wakunja? Ndinasewera naye m'matope ameneyo."

Analemba. Msewu wonse unayankha chimodzimodzi, ndipo palibe amene ananama. Tebulo linatuluka likunena kuti batiki yathu ndi yathu kuyambira ulusi mpaka utoto. Tinasangalala. Boma nalo linasangalala, n'kukweza msonkho wa utoto wakunja, poti akuti ife sutikhudza.

Nditapita kukagula utoto kwa Haji, ndinapeza mtengo wakwera.

"Haji, wayamba kuba ukalamba uno?"

"Mayi iwe, umayesa utoto ndimakama ku mbuzi zanga? Umachokera kunja, umabwera pa sitima ya pamadzi."

Musaseke. Chaka chimenecho mbaula zambiri zosungunulira phula zinazima, ndipo atsikana amene ndinawaphunzitsa ndi manja awa anapita kukasoka nsapato kumzinda. Ambiri sanabwerenso.

Tsopano ndamva kuti a boma msonkhowo auunikanso, ndipo adzayang'ana tebulo latsopano limene anawa akukalemba. Mbaula zimene zatsala zikudikira pamenepo. Choncho amayi anzanga, akakufunsani kumene chinthu chinachokera, musatchule khomo limene munagulapo n'kuthera pomwepo. Ngati kupitirira apo simudziwa, nenani kuti simudziwa, si mwano. Inunso ana, mukamva kuti "kwa Haji", imwani tiyi wanu, muthokoze, mudzuke, mupite kwa Hajiyo. Akakuonetseni makatoni. Ali ndi zilembo zakunja zimene ngakhale mwini wakeyo sawerenga. A Haji, mwagwedeza mutu pamaso pa anthu onsewa, ndiye kuti mwavomera.

Ndi mawu ochepawa, ndikulengeza kuti kalembera wa zogula ndi zogulitsa wa chaka chino watsegulidwa.

Zikomo kwambiri.